Makapisozi a pa okala: n'chifukwa chiyani matenda ena sakumvanso mankhwala?

Amene munakula m'zaka za m'ma 1980 mukukumbukira chloroquine, mapiritsi owawa aja amene ena akamwa thupi lonse linkawayabwa. Anali mankhwala odalirika a malungo mpaka pamene anayamba kulephera: mwana wamwa lero, thupi lazizira, mkuja latenthanso. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba Fansidar. Nayonso Fansidar inafika potha mphamvu, ndipo mu 2007 boma linabweretsa LA yomwe tikumwa lero. Mapiritsiwo sanasinthe ayi. Chimene chinasintha ndi kachilombo ka malungo.

Zomwezo zikuchitika tsopano ndi maantibayotiki, mankhwala monga amoxicillin, Bactrim ndi doxycycline, opha tizilombo totchedwa mabakiteriya, amene ambiri timangowatchula kuti makapisozi.

Si thupi limene limazolowera

Mumamva munthu akuti, "Ine amoxicillin sandigwiranso, thupi langa linazolowera." Thupi silizolowera. Munthu akadwala, mabakiteriya amakhala miyandamiyanda, ndipo mwa iwo mumakhala ochepa olimba kuposa anzawo. Mankhwala akalowa operewera, kapena akalowa pamene sankafunika n'komwe, ofooka amafa, olimba aja n'kutsala okha, malo ndi chakudya zili mbwee. Alimi mukudziwa zimene anankafumbwe amachita m'thumba la chimanga chothiridwa mankhwala ochepa. Mabakiteriya ndiye amaswana msanga kuposa pamenepo, ena pa mphindi 20 zilizonse zinthu zikawayendera, komanso amatha kupatsirana okhaokha mphamvu yokana mankhwalayo.

Choopsa n'chakuti tizilombo totere sitikhala mwa mwini wake yekha. Timatuluka ndi chimbudzi, timafika m'manja, m'madzi ndi m'zakudya. Khanda loti silinalawepo kapisozi likhoza kudwala matenda osamva mankhwala. Ku Blantyre, kuyambira cha mu 2011, matenda a taifodi anachuluka kwambiri chifukwa cha mtundu wa kachilombo kosamva mankhwala atatu amene ankagwiritsidwa ntchito kale. Padziko lonse, akatswiri anawerengera kuti mu 2019 mokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira ndi mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo mayiko a mu Africa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ndiwo anakhudzidwa koposa.

Zimene tikulakwitsa kuno kwathu

Chimfine ndi chifuwa chimene chimabwera nacho zimayamba ndi mavairasi, tizilombo tosiyana ndi mabakiteriya, ndipo kapisozi sapha vairasi. Munthu amamwa awiri, patapita masiku anayi n'kuchira, n'kumayamika mankhwala, chikhalirecho akanachira ndithu ndi kupuma, madzi ambiri ndi Panado. Mwana wotsegula m'mimba nayenso nthawi zambiri amafunika Thanzi ORS ndi zinki, osati Bactrim. Koma m'chimbudzi mukaoneka magazi, thamangirani kuchipatala.

Nkhani ya mkodzo ndiye yofunika kuikhalira pansi, poti ife ndi anthu a kunyanja. Kuyambira ku Malombe, mumtsinje wa Shire, mpaka ku Makawa, Monkey Bay ndi Makanjira, likodzo ndi losasowa. Mnyamata akaona magazi kumapeto kwa mkodzo, kapena mayi akamva kupweteka m'chinena, ambiri amaganiza za matenda opatsirana pogonana. Manyazi amawagwira, ndiye amakagula makapisozi mwakabisira. Likodzo ndi nyongolotsi, mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo kapisozi ngakhale mumwe mbale yodzaza silingathe. Chikakhala chinzonono chenicheni, kugula awiriawiri pa doko n'kumene kwachititsa kuti mankhwala ambiri akale asamachigwirenso. Chimafuna mankhwala oyenera ochokera kuchipatala, ndipo amene mumagona naye alandire nawo, apo ayi mudzangobwezerana. Tikudziwa kuti msodzi safuna kutaya tsiku pa mzere usipa ukugwa. Koma tsiku limodzilo n'lochepa poyerekeza ndi matenda obwererabwerera, amene angathe kutseka njira ya mkodzo kwa bambo kapena kulepheretsa mayi kubereka.

Kusula kapisozi n'kuthira ufa wake pa chilonda si chithandizo. Tsukani chilondacho ndi madzi oyera ndi sopo, chiphimbeni, chikatupa kapena kutuluka mafinya mupite nacho kuchipatala. Nkhuku nazonso tazisandutsa odwala athu: chitopa chikalowa m'mudzi, makapisozi a anthu amathera m'madzi a nkhuku. Chitopa ndi vairasi, chimapewedwa ndi katemera wodonthezera m'diso. Funsani alangizi a ziweto.

Mwa lamulo, maantibayotiki amayenera kugulitsidwa pamalo ovomerezeka ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA, kwa munthu amene walemberedwa ndi dokotala. Mankhwala a pa okala ndi a pamsika akhala padzuwa la Mangochi masiku osadziwika, ndipo ena ndi achinyengo.

Mukapatsidwa mankhwala kuchipatala

Imwani monga mwauzidwira, pa nthawi yake, mpaka masiku onse akwane. Musasiye poti mwayamba kupeza bwino, musagawireko mnzanu, musasungeko ena kuti adzathandize mawa. Akakupwetekani, monga kutuluka zidzolo, kutupa milomo kapena kubanika, bwererani msanga ndi kabuku kanu ka kuchipatala. Dokotala akakuuzani kuti matenda anu safuna antibayotiki, sanakumaneni. Musaumirirenso jakisoni poganiza kuti ndiye wamphamvu nthawi zonse.

LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo muyambe mwayezetsa magazi, chifukwa si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo. Mankhwala a TB ndi a miyezi 6. Kudukiza n'kumene kumabala TB yosamva mankhwala, yovuta kuchiza, yomwe mungapatsirenso a m'nyumba mwanu. Amene mumalandira Bactrim wa tsiku ndi tsiku limodzi ndi ma ARV, pitirizani. Ameneyo munalemberedwa kuti akutetezeni, koma ndi wanu nokha, si wa mwana amene wayamba kutsokomola.

Kuti tisafike pofuna mankhwala

Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Njira imene kolera inadutsa ndi yomweyo imene taifodi ndi mabakiteriya osamva mankhwala amadutsa. Madzi a m'nyanja, a mu Shire kapena a pachitsime chosatetezedwa muziwathira klorini kapena kuwawiritsa, n'kuwasunga m'ndowa yovundikira. Pakhomo pakhale chimbudzi ndi mpondagiya wokhala ndi sopo, ndipo pa doko nyanja isasanduke chimbudzi. Posamba m'manja musanadye nsima, thiriranani madzi m'malo moviika manja nonse m'beseni limodzi.

Ana alandire katemera yense wa kusikelo. Kuyambira mu 2023 palinso katemera wa taifodi, woperekedwa mwana akakwana miyezi 9.

Musadikire kapena kuyamba mwayesa za pa okala mukaona izi: khanda losakwana miyezi iwiri latentha thupi kapena lazizira kwambiri, mwana akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, akukomoka, akupuma mofulumira kapena nthiti zikulowa m'kati, munthu akutsegula m'mimba madzi ngati otsukira mpunga, mayi amene wangobereka kumene watentha thupi kapena akutuluka zonunkha. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri, kayezetseni makhololo. Kumene chipatala chili kutali, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu amaona ana osakwana zaka zisanu pa kiliniki ya m'mudzi, ndipo matenda akamukulira amakulemberani kalata yopita nayo kuchipatala.