Mchere ukasungunuka m'madzi umapita kuti?

Thirani supuni ya mchere m'kapu ya madzi, m'kapu ina muthiremo mchenga, ndipo mutakase zonse ziwiri. Mchenga uzungulira pang'ono n'kudikha pansi, pomwe mchere usowa osaonekanso. Zonsezi ndi zosakaniza, koma madzi amcherewo ndi amene asayansi amawatcha solution, chifukwa dontho lapamwamba ndi lapansi limawawa mofanana.

Mcherewo sunathe ayi. M'madzi olemera magalamu 100 mukathiramo mchere wa magalamu 10, sikelo ionetsa magalamu 110. Chachitika n'chakuti mamolekyu a madzi (tizigawo tating'ono timene timapanga madzi) aulekanitsa kukhala tizigawo ta sodium ndi chloride, tating'ono kwambiri moti timadutsa ngakhale pa pepala losefera.

Apa chilankhulo chathu chimasokoneza ophunzira ambiri. Timati ayezi wasungunuka, timatinso mchere wasungunuka, koma ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ayezi amasungunuka ndi kutentha kokha. Mchere kuti usungunuke pamoto popanda madzi umafuna madigiri 801 a Celsius.

Madzi nawo amakhuta. Pa madigiri 20, magalamu 100 a madzi amalandira mchere pafupifupi magalamu 36. Woposera pamenepo umangokhala pansi, mutakase chotani. Kuwiritsa sikuthandiza kwenikweni, chifukwa pa madigiri 100 amalandira pafupifupi magalamu 39 okha. Shuga ndi wosiyana: madzi omwewo amalandira magalamu pafupifupi 200, ndipo akatentha amalandira wochuluka kwambiri.

Powerengera mphamvu ya solution, kutanthauza kuchuluka kwa mchere m'menemo, ambiri amagawa ndi kulemera kwa madzi okha. Mchere wa magalamu 10 m'madzi a magalamu 100 si 10 peresenti. Gawani 10 ndi 110 n'kuchulukitsa ndi 100, mupeza 9.1 peresenti. Mukafuna 10 peresenti yeniyeni, madzi akhale magalamu 90.

Kulekanitsa mchenga ndi mchere kumadalira zomwezi. Thirani madzi, takasani mpaka mchere wonse usungunuke, kenako sefani ndi pepala lopindidwa m'fanulo. Musadzaze kupitirira m'mphepete mwa pepala, mchenga ungalowere m'mbali. Tsukuluzani mchenga wotsala papepalapo ndi madzi pang'ono, apo ayi ukauma ukhalabe ndi mchere. Madzi osefedwawo muwatenthetse pang'onopang'ono m'mbale yosaphulika ndi moto, ndipo muzimitse akangoyamba kuoneka timibulu toyera m'mphepete. Mukawiritsa mpaka kuuma, mchere umathetheka n'kudumphira kunja, ndipo ungakuloweni m'maso. Madzi otsalawo asiyeni aume okha.