Kodi wopalamula akanamizira misala amapulumuka mlandu?

Pali mphekesera imene imamveka kawirikawiri yakuti ku America munthu wopalamula akangonena kuti ali ndi matenda a maganizo, khoti limamumasula n'kubwerera kwawo ngati sanalakwe chilichonse. Zimenezi si zoona, ndipo n'zomvetsa chisoni chifukwa zimachititsa kuti anthu amene akudwaladi azionedwa ngati achinyengo.

Ku America kuli makhoti apadera oona milandu ya odwala maganizo, ndipo khoti lodziwika kuti ndi loyamba la mtunduwu m'dzikolo linatsegulidwa mu 1997 m'dera la Broward ku Florida, ndipo woweruza wake anali Ginger Lerner-Wren. Linayamba ndi milandu ing'onoing'ono, monga ya munthu wopezeka atagona pakhonde la sitolo ya eni ake kapena wosokoneza mtendere mumsewu matenda atamukula. M'makhoti oterewa munthu salandiridwa chifukwa cha mawu a pakamwa pake okha, popeza akatswiri azachipatala amayamba amuunika, ndipo iye mwini amayenera kuvomera mwa kufuna kwake.

Akalandiridwa, udindo wake umakula. Amayenera kutsatira chithandizo, kukumana ndi alangizi ndiponso kubwereranso pamaso pa woweruza pa masiku oikika kwa miyezi yambiri, nthawi zina yoposa imene akanakhala m'ndende pa mlandu womwewo. Akamaliza bwino, mlandu ungathetsedwe kapena chilango n'kuchepetsedwa, koma akasiyira panjira, mlanduwo ungabwezedwe ku khoti wamba kuti ukazengedwe monga wa wina aliyense.