Mandala ojambulawa si mankhwala

Mwezi uno wokha makolo atatu andionetsa chinthu chofanana pafoni: chithunzi chozungulira chamaluwamaluwa, pansi pake atalemba kuti ukamachipaka utoto tsiku ndi tsiku, nkhawa, kusowa tulo ngakhale misala zimatha. Amachitcha mandala. Osati ovala m'maso aja, kapena Mandala ya ku Blantyre ayi; ndi liwu la chinenero chakale cha ku India lotanthauza chozungulira. Ine ndine namwino wa matenda a maganizo, ndipo m'kabati yanga simusowa mapepala ndi makirayoni opatsa odwala, choncho musandiyese mdani wa zojambula. Chanditopetsa n'chakuti aliyense akungoti "ku Asia amachiza ndi zithunzi." Anakuuzani ndani?

Tiyeni ku Tibet komwe amalonda a pa Facebook amakonda kutchulako. Mu 1687, Sangye Gyatso, nduna imene inkayendetsa boma kumeneko, anasonkhanitsa akatswiri kuti ajambule zonse zokhudza uchipatala wawo. Ntchitoyo inatha mu 1703, zithunzi zitakwana 79. Mkati mwa zaka zimenezo, mu 1696, anatsegula sukulu ya madokotala paphiri la Chakpori mumzinda wa Lhasa. Zithunzizo n'zokongola zedi. Pali mitengo imene nthambi ndi masamba ake zikuimira matenda, kapimidwe ndi kachizidwe, masamba obiriwira ngati thambo akuimira mphepo ya m'thupi, achikasu ndulu, oyera makhololo. Pali mafupa, kakulidwe ka mwana m'mimba, zitsamba, timipeni. Koma zonsezi anajambulira ophunzira kuti aloweze pamtima. Anali matchati a m'kalasi, ngati chithunzi cha chigoba chimene tinkaloza ndi ndodo kusukulu ya unamwino. Wodwala akabwera sankamuuza kuti ayang'ane chithunzi. Dokotala ankagwira mtsempha wa padzanja ndi zala zitatu, kuona lilime, kupima mkodzo wa m'mamawa, kufunsa mafunso, kenako n'kumuuza zoti adye, zoti asiye, ndi kumupatsa mankhwala. Ngakhale Buddha wa mankhwala, amene amamujambula thupi lonse labuluu, amakhala atagwira chomera cha mankhwala kudzanja lamanja ndi mbale kumanzere.

Mandala a mchenga ndiye nkhani ya chipembedzo. Amonke amakhala masiku angapo atawerama, akukhutula mchenga wamitundumitundu pang'onopang'ono kudzera m'kachitsulo kabowo. Akamaliza amasesa zonse, n'kukathira mchengawo mumtsinje, pophunzitsa kuti palibe chokhalitsa. Ndiye wina akutenga chinthu chimene eni ake amasesa, akuchisindikiza pa A4, n'kumakulipiritsani pa Airtel Money kuti ndi chithandizo.

Sindikunena kuti kujambula n'kopanda ntchito. Carl Jung, dokotala wa ku Switzerland, anajambula mandala ake oyamba mu 1916 ali pamavuto a mumtima, ndipo Adrian Hill, katswiri wojambula wa ku Britain, anaona kuti kujambula kunkamulimbitsa pamene ankadwala chifuwa chachikulu. Mu 2005, ofufuza ku Amereka anapatsa ophunzira 84 ntchito yopaka utoto kwa mphindi 20. Opaka mandala nkhawa inawatsika, inde. Koma inatsika chimodzimodzi kwa amene anapaka timabokosi wamba tonga ta pashati. Chimene chimakhazika mtima pansi ndi dzanja kubwerezabwereza ntchito yofatsa, monga amachitira agogo akamaluka mphasa. Mphindi 20 za mpumulo n'zabwino. Si kuchira.

Pali mtsikana wina amene sandichoka m'mutu. Anali pakoleji, ndipo matenda ake ndi aja a bipolar, oti nthawi ina munthu amagwa mphwayi mpaka osadzuka pabedi, nthawi ina mphamvu zimamusefukira. Mankhwala anamuyanja, ndipo kwa chaka ankabwera kukiliniki osaphonya. Makirayoni oyamba ndinamupatsa ndine, ataoneka kuti zakukhosi amazitulutsa bwino papepala kusiyana ndi pakamwa. Zinamukomera, n'kuyamba kufufuza yekha pa intaneti. Kumeneko anakumana ndi mkulu wina wodzitcha mphunzitsi wa machiritso a Kum'mawa, amene anamuuza kuti mapiritsi akutseka "njira za mphamvu" m'thupi mwake, ndipo zithunzi sizingagwire ntchito asanawasiye. Anawasiya mwakachetechete.

Milungu itatu mwana sagona, akujambula usiku wonse, makoma a chipinda ali mapepala okhaokha. Kunyumba ankasangalala. Anamupeza anthu achifundo akuyenda wopanda nsapato mumsewu waukulu, atagawira anthu osawadziwa zovala zake ndi ndalama ya fizi. Mayi ake atafika kuwodi anandigwira dzanja nati, "Anesi, ife timati akuchira, poti anali pa zomwe munamuphunzitsa zija." Sindinawayankhe. Kujambula kosaleka kuja ndiko kunali matendawo, ndipo akanabwera naye sabata yoyamba sitikanamugoneka n'komwe. Anakhala m'chipatala mwezi ndi theka, chaka cha sukulu chinamupita. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti bwanji tsiku lomwe ndinamupatsa makirayoni lija sindinawakhazike pansi mayiwo n'kuwauza kuti ichi n'chothandizira chabe.

Ndiye tamverani, makolo ndi achibale. Munthu akakhala masiku awiri kapena atatu osagona koma osatopa, akamalankhula mosadukiza, akamamva mawu amene ena sakuwamva, kapena akatchula zodzipha ngakhale moseka, musadikire kuti amalize buku lopaka utoto. Pitani naye kuchipatala cha boma chimene muli nacho pafupi tsiku lomwelo. Akaona kuti n'zofunika adzakutumizani ku Zomba Mental Hospital, ndipo a St John of God aliko ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Aliyense wouza wodwala kuti asiye mankhwala amene sanamulembere ndiye, kaya wavala mkanjo wachikasu, kaya amalankhula mofatsa chotani, ameneyo ndi wakuba. Mankhwala a maganizo, ndi a khunyu omwe, sasiyidwa mwadzidzidzi, ndipo wochepetsa ndi yekhayo amene anawalemba.

Chinanso, ambiri mwa amalondawa akakugwirani pa zithunzi amabwera ndi timabotolo. Kafukufuku wa mu 2008 anapeza kuti pa mankhwala achikuda a ku India ogulidwa pa intaneti, pafupifupi amodzi mwa asanu alionse munali poizoni monga mtovu, mekyule kapena aseniki. Botolo lopanda chilolezo cha bungwe loona za mankhwala la PMRA musalimwe, ndipo ngati mwayamba kale, bwerani nalo kukiliniki tilione, sitikukalipirani.

Mtsikana uja anabwerera kusukulu, ndipo amajambulabe. Akabwera kudzatenga mankhwala ndimayamba ndamufunsa kuti wagona maola angati, kenako ndimafunsanso mayi ake padera, ndipo kope lake ndimalitsegula pomalizira.