Phewa Likamawawa Musalimange m'Chitenje, Bwerani ku Mafizo

Abale ndi alongo a kuno ku Zomba, nyengo yolima ikayamba odandaula phewa amachuluka, koma ambiri amatipeza kuchipatala mochedwa. Munthu amafika mkono uli m'chitenje chomangirira m'khosi, paphewa pali mphini zatsopano, akulephera kupesa tsitsi ngakhale kuvala malaya. Tikafunsa kuti zinayamba liti, amati papita miyezi inayi. Nkhawa yathu yagona pamenepa.

Zoyambitsa zake n'zodziwika. Minofu ndi mitsempha yogwira phewa imatupa kapena kung'ambika chifukwa cha khasu, kusenza nkhuni zochokera kuphiri, kupalasa bwato pa Chilwa, kuumba njerwa kapena kugwa panjinga ya kabaza. Kwa ena ululu umachokera m'khosi, kwa ena ndi ukalamba.

Chimene chikupundula anthu ndi kumanga mkono n'kumadikira kuti uchira wokha. Phewa ndi mfundo yofuna kuyenda tsiku lililonse. Likakhala masabata osagwedezeka, kathumba kokuta mfundoyo kamakhuthala n'kufupika, phewa n'kuuma gwa. Kuuma kotere kumakonda anthu a zaka 40 mpaka 60, makamaka amayi ndi odwala shuga, ndipo kumatha kutenga chaka chimodzi mpaka zitatu. Kupumitsa mkono tsiku limodzi kapena awiri palibe vuto. Mwezi wathunthu ayi, pokhapokha ngati ndi adokotala amene akumangani chifukwa fupa lathyoka.

Tikudziwa kuti ululu wa usiku, woti munthu sungagonere mbali imeneyo, umabweretsa maganizo akuti wina wakuponyera. N'chifukwa chake ambiri amayamba kaye kukatemera. Chonde, mphini zimangocheka khungu, pamene vuto lili mkati mwa mfundo. Lezala lomwe latemera anthu angapo lingakupatseni HIV kapena matenda a chiwindi, ndipo bala lopakidwa mankhwala akuda lingalowetse kafumbata. Masabata amene mukudikira kuti mphini zigwire ndi omwewo amene phewa likuumirako. Nawo bufeni ndi Indocid ogula pagolosale, mukamangomwa tsiku ndi tsiku, amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, phewa lili chiumire.

Ku mafizo amayamba ayeza kuti aone chavuta, kenako amakuphunzitsani masewera oti muzikachita kunyumba. Ena ndi osavuta. Thowani phewa ndi kansalu ka madzi ofunda kwa mphindi 15. Tsamirani patebulo ndi dzanja labwinolo, weramani, mkono wowawawo ulendewere, n'kumauzunguza pang'onopang'ono. Imani moyang'ana khoma, zala zizikwera khomalo mpaka pomwe mungathe. Gonani chagada, gwirani ndodo ndi manja onse awiri, dzanja labwinolo likweze linzakelo. Kumva kukoka si vuto, koma ululu wobaya ukabwera lekani, mukafotokoze. Musayembekezere kuchira sabata imodzi. Ambiri amayamba kuona kusintha patapita masabata angapo akuchita tsiku lililonse, ndipo amene amasiyira panjira n'kubwezera mkono m'chitenje amayambiranso poyamba.

Pali ululu wina wosafuna masewera koma kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo. Phewa, makamaka lamanzere, likamawawa pamodzi ndi chifuwa, thukuta ndi kubanika, ungakhale mtima. Mayi amene wadumpha kusamba, akumva m'mimba kupweteka, chizungulire ndi ululu pansonga ya phewa, ingakhale mimba yokhala m'njira ya mazira imene yaphulika. Phewa lotupa, lotentha, munthu akutenthanso thupi, nalonso lisagone pakhomo. Ndipo mukagwa phewa n'kuguluka kapena kuoneka lopindika, musalole munthu kulikoka kuti alibwezere. Angathyole fupa kapena kuvulaza mitsempha, dzanja n'kuchita dzanzi.

Ululu ukapitirira masabata awiri, kapena mwayamba kulephera kufikitsa dzanja kumsana, pitani kuchipatala chomwe muli nacho pafupi, kaya ndi Matawale, Domasi kapena Thondwe, ndipo ngati pakufunika akutumizani ku mafizo ku Zomba Central. Tengani buku lanu la kuchipatala, ndipo pemphani kuti akuyezeninso shuga. Ngati kwanu kuli agogo kapena amayi amene mkono wawo uli m'chitenje lero, aperekezeni sabata ino.