Goa, Gombe la Alendo Lomwe Kale Linkalamulira Tete

Goa ikatchulidwa lero, anthu amaganiza za mchenga, mitengo ya kokonati ndi azungu owothera dzuwa. Amwenye anzawo amaionanso choncho: ndiko kothawira a ku Mumbai ndi Delhi pa Khirisimasi, kukamwa mowa wotchipa ndi kuvina mpaka tambala woyamba. Pa zigawo zonse za India, ichi ndiye chochepetsetsa, masikweya kilomita 3,702 basi, moti boma la Lilongwe lokha likuchiposa. Pa kalembera wa 2011 anthu ake sanakwane 1.5 miliyoni. Koma kadera komweka kanakhalapo likulu la ufumu wapanyanja, ndipo mpaka 1752 Apwitikizi a ku Sena ndi Tete ankamvera bwanamkubwa wokhala ku Goa.

Apwitikizi sanadzere mchenga. Anadzera doko la pa mtsinje wa Mandovi, pomwe pankatsikira akavalo ochokera ku Arabia ndi Persia, amene mafumu a kumtunda ankawalimbirana chifukwa cha nkhondo zawo. Mtsogoleri wawo Afonso de Albuquerque analanda mzinda wa padokopo kwa sultan wa ku Bijapur kumayambiriro kwa 1510, anathamangitsidwa patangotha miyezi yochepa, n'kubweranso pa 25 Novembala chaka chomwecho. Ulendo wachiwiriwu anapha Asilamu ambiri a mumzindamo, n'kulimbikitsa asilikali ake kukwatira akazi akonko kuti mtundu wawo uzike mizu. Tsikulo linali la Katarina Woyera, n'chifukwa chake tchalitchi chachikulu cha Sé, chomwe alendo amachijambula tsiku ndi tsiku, chili m'dzina lake. Pofika 1530 Goa inali likulu la madoko onse a Apwitikizi a kum'mawa.

Francis Xavier, wansembe wa chipani cha Ajezuiti, anafika mu 1542 atakhalako miyezi ingapo pa chilumba cha Mozambique. Anamwalira mu 1552 pa kachilumba kena pafupi ndi China, koma thupi lake linabwezedwa ku Goa ndipo ligone m'tchalitchi cha Bom Jesus. Pakatha zaka khumi zilizonse amalitulutsa kuti anthu alione, ndipo komaliza kunali kumapeto kwa 2024. Pamzere wokaliona pamakhala Akatolika ndi Ahindu omwe, onse akumutchula Goencho Saib, mbuye wa Goa.

Mbali imene zikwangwani zoitana alendo sizikonda kuikamba ndi ya khoti lachipembedzo la Inquisition, lomwe linakhazikitsidwa mu 1560 n'kudzathetsedweratu mu 1812. Linkasaka makamaka obatizidwa amene ankawaganizira kuti akupembedzabe zakale mobisa. M'zaka za m'ma 1560 akachisi a Ahindu m'madera a Bardez ndi Salcete anagumulidwa, ndipo eni ake anazembetsa zifaniziro za milungu yawo n'kuziwolotsa mtsinje kupita ku Ponda, komwe dzanja la Mpwitikizi linali lisanafike. Ndiye chifukwa chake mlendo lero amapeza matchalitchi oyera mbee kufupi ndi nyanja, koma akachisi otchuka monga Mangueshi ndi Shantadurga ali kumtunda, m'zigwa za mitengo yowirira. Ngakhale chilankhulo cha eni nthaka, Chikonkani, chinaponderezedwa ndi lamulo la 1684. Komabe sichinafe, ndipo Chihindu nachonso sichinafe: mu 2011 Ahindu anali awiri mwa atatu alionse, Akhristu mmodzi mwa anayi.

Kwa ife a kuno, nkhani imakoma tikafika pa Zambezi. Mphepo za pa nyanja ya India zimaomba mosinthana, miyezi ina kuloza ku Africa, ina kubwerera ku India, ndipo zombo zinkangotsata zimenezo. Zinkabwera ndi nsalu ndi mikanda, n'kubwerera ndi golide, minyanga ndi anthu. Minyanga yambiri inkachokera m'dziko la Amaravi. Akazi ndi amuna ogwidwa ukapolo ankathera m'nyumba za olemera a ku Goa, ndipo ena mwa Asiddi, Amwenye akuda okhala m'nkhalango za Karnataka kufupi ndi malire a Goa, ndi zidzukulu za akapolo amene anathawa kumeneko.

Anthu a ku Goa nawo ankawoloka kudza kuno. Poti azungu enieni ankatha ndi malungo m'chigwa cha Zambezi, minda ikuluikulu ya prazo, yolonderedwa ndi Achikunda, yambiri inagwera m'manja mwa mabanja ochokera ku Goa. Gonçalo Caetano Pereira anakhazikika kumpoto kwa Tete chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo banja lake linadzalamulira Makanga ngati mafumu, pakati pa Achewa. Mwana wake Manuel anayenda mpaka kwa Kazembe mu 1796. Manuel António de Sousa, yemwe ankadziwika kuti Gouveia, anabadwira ku Goa, nakhala ndi gulu lake la nkhondo ku Gorongosa, n'kukafera ku Barue mu 1892. Munthu wa ku Tete akamayenda m'mabwinja a Old Goa, likulu lakale lija, akuyenda pamalo pomwe milandu ya kwawo inkakathera.

Mzinda wakalewo unagonja ndi matenda, osati adani. Kolera ndi malungo zinausesa, bwanamkubwa anasamukira ku Panjim mu 1759, ndipo mu 1843 likulu linasamutsidwa mwalamulo. Anatsala ndi matchalitchi okhaokha, omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1986.

Angerezi atachoka ku India mu 1947, Salazar, mtsogoleri wa Portugal, anakana kwamtuwagalu kupereka Goa, ati si dziko lolamulidwa koma chiwalo cha Portugal yeniyeniyo. Nehru, nduna yaikulu ya India, anapirira zaka 14. Pa 18 Disembala 1961 asilikali a India analowa, ndipo mawa lake bwanamkubwa Vassalo e Silva anagonja, ngakhale Salazar anali atalamula kuti amenye mpaka kufa. Zaka 451 zinathera pamenepo. Kenaka panabuka mkangano wina: kodi Goa imezedwe ndi chigawo chachikulu cha Maharashtra? Pa voti ya pa 16 Januwale 1967 anthu anakana. Chikonkani chinakhala chilankhulo cha boma mu 1987, ndipo pa 30 Meyi chaka chomwecho Goa inakhala chigawo cha nambala 25 cha India. Kwa ine voti ya 1967 ndiyo inasunga Goa imene alendo amaifuna lero, chifukwa ikanamezedwa bwenzi ili boma wamba la kugombe, malamulo ake ndi misonkho yake zikuchokera ku Mumbai, likulu la Maharashtra.

Alendo oyamba sanali a ndalama. Anali achinyamata a ku Ulaya ndi America a tsitsi lalitali, amene anafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 n'kumagona m'nyumba za asodzi ku Calangute ndi Anjuna. Msika wa Lachitatu wa ku Anjuna unayamba ndi iwowa, akugulitsa katundu wawo kuti apeze yobwererera kwawo. Pambuyo pake panadza mahotela, ndege zodzaza Angerezi ndi a ku Russia, njanji ya Konkan mu 1998, zombo za juga zoyandama pa Mandovi, ndi bwalo lachiwiri la ndege ku Mopa. Nyengo yawo ndi Novembala mpaka Febuluwale. Kuyambira Juni mvula imagwa yosaleka, nyanja imakalipa, timalesitilanti ta pamchenga timaphwasulidwa, koma ndi pomwe mathithi a Dudhsagar amadzaza. Kumpoto n'kwa phokoso, ndipo wofuna mpumulo amatsikira kummwera, ku Palolem kapena Agonda.

Ngakhale m'mbale muli mbiri yomweyi. Vindaloo, nkhumba ya tsabola ndi viniga, dzina lake ndi Chipwitikizi chopotoka. Feni, kachasu wa konko, amatcheza kuchokera ku chipatso cha cashew, mtengo umene Apwitikizi anautenga ku Brazil. Mawu oti susegad, omwe otsatsa malonda amawakonda pofotokoza moyo wosathamanga wa ku Goa, nawo ndi obwereka kwa Apwitikizi.

Eni nthaka tsono sali pa susegad. Khoti lalikulu la India litaimitsa migodi ya chitsulo mu 2012, n'kuitsekanso mu 2018, chuma chinatsamira kwambiri pa alendo, ndipo madandaulo a zinyalala, madzi ndi kukwera mtengo kwa malo akukulirakulira. Pomwe olemera a ku Delhi akugula nyumba zakale za makhonde ku Assagao, ambiri mwa eni nthaka akunyamuka. Portugal imalola obadwira ku Goa lisanafike tsiku la 19 Disembala 1961, pamodzi ndi ana ndi zidzukulu zawo, kulembetsa unzika wake, ndipo ndi mapasipoti amenewo zikwizikwi anakakhazikika ku Swindon ndi ku London, ku England.