Si ubongo umene umachotsa dzanja pa mbaula

Anthu ambiri kuno ku Lusaka amakhulupirira kuti chilichonse chimene thupi limachita chimayamba chalamulidwa ndi ubongo, koma si nthawi zonse pamene zimatero. Taganizirani mayi wa ku Matero amene akuphika nsima, ndipo mwangozi wakhudza mbaula yotentha. Dzanja limachokapo iye asanamve n'komwe ululu. Uthenga wochokera pakhungu umayenda m'minyewa kukafika ku chingwe chofewa chimene chili mkati mwa mafupa a msana, ndipo pomwepo lamulo limabwerera ku minofu ya mkono kuti ikoke dzanjalo. Ubongo umamva nkhaniyi pambuyo pake, n'chifukwa chake mfuu yoti "Mayo!" imachedwa pang'ono.

Ubongo ndi chingwe cha mumsanachi ndiwo likulu, ndipo minyewa yopita m'thupi lonse imatuluka iwiriiwiri, mapeya 12 kuchokera ku ubongo ndi 31 kuchokera kumsana. Ina imanyamula zimene tamva, ina imayendetsa minofu, pamene ina, imene ambiri sitiiganizira n'komwe, imafulumizitsa kapena kuchedwetsa kugunda kwa mtima ndiponso imayendetsa matumbo pogaya nsima ija, ngakhale munthu ali m'tulo.