Akulephera za mvula ya sabata la mawa, za 2050 angazidziwe bwanji?

Funso ili ndalimva kambirimbiri: "A zanyengo amalephera kutiuza ngati mvula igwe sabata la mawa, ndiye makompyuta awo angadziwe bwanji za 2050?" Limamveka lanzeru, koma limasakaniza zinthu ziwiri zomwe m'Chichewa timangozitcha nyengo: za tsiku limodzi, ndi khalidwe la nyengo la zaka zambiri.

Kunena ngati kugwe mvula Lachinayi masana ku Dedza n'kovutadi. Katswiri wa zanyengo Edward Lorenz anasonyeza mu 1963 kuti kaphonyedwe kakang'ono poyeza mpweya lero kamakula tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake pakatha pafupifupi masabata awiri ulosi umasokonekera. Koma funsani agogo ngati Okutobala wa chaka chamawa adzatentha kuposa Juni. Ayankha osaphethira. Za tsiku limodzi sakuzidziwa, koma khalidwe la chaka akulidziwa bwino.

Khalidwe limenelo ndi lomwe makompyuta a asayansi amafufuza. Amagawa mlengalenga ndi nyanja m'timabokosi, n'kumawerengera mmene kutentha, mphepo ndi chinyezi zimadutsira kuchoka m'kabokosi kena kulowa m'kanzake. Mu 1967, asayansi Syukuro Manabe ndi Richard Wetherald anawerengera pa kompyuta n'kupeza kuti mpweya wa carbon dioxide, womwe umatuluka tikamawotcha malasha ndi mafuta, ukachuluka kawiri, dziko lingatenthe ndi madigiri oposa 2. Manabe analandira mphoto ya Nobel mu 2021.

Umboni womwe umandigwira mtima ndi wa phiri la Pinatubo ku Philippines, lomwe linaphulika mu 1991. Gulu la James Hansen ku NASA linaloseratu kuti utsi wa phirilo uziziritsa dziko ndi pafupifupi theka la digiri. Mu 1992 kunaziziradi chomwecho.